FORMULA ONE: TISAPENYE LIWIRO LOKHA, TIPENYENSO WOGWIRA SIPANALA

Masiku apitawa ndinakhala pa malo ena opumulirapo anthu mu Lusaka pa Sondo masana. Anyamata anali ataunjikana pa wailesi ya kanema, ndipo ine ndinayesa kuti akupenyerera mpira monga mwa masiku onse. Posendera pafupi ndinaona kuti unali mpikisano wa magalimoto uja wochedwa Formula One. Mkulu wina amene anakhala pambali panga anapukusa mutu nati: "Awa ndi masewera a anthu okhuta. Munthu angozungulira malo amodzi, atha mafuta, mwina afa kumene. Nanga phindu lake n'ciani?" Mnyamata wina anaceuka nayankha kuti: "Atate, inu simudziwa kukoma kwa liwiro."

Ndinacoka pamenepo ndiri ndi maganizo akuti onse awiri anaphonya. Mkuluyo analakwa poyesa kuti m'masewerawa mulibe nzeru, ndipo mnyamatayo analakwa poona liwiro lokha. Popeza ana athu ambiri ayamba kukonda mpikisanowu, nkoyenera kuti tiudziwe bwino tisanauweruze, pakuti safunsa anadya phula.

CIYAMBI CAKE

Liu lakuti Formula litanthauza mpambo wa malamulo amene galimoto iyenera kutsata: kulemera kwake, kukula kwa injini, utali ndi ufupi wake. Malamulowa alembedwa ndi bungwe loyang'anira mipikisano ya magalimoto pa dziko lonse lochedwa FIA, limene likulu lake liri ku Paris. Galimoto yake iri ndi mpando umodzi cabe, ndipo mawilo ake onse anai ali panja, osaphimbidwa ndi thupi la galimoto monga m'mene iliri yathu ya masiku onse. Gulu lirilonse lopikisana liyenera kudzipangira lokha galimoto yake, ngakhale kuti injini lingathe kugula kwa ena. Apa ndipo pagona nkhani yonse: usanakhale mpikisano wa oyendetsa, uyamba wakhala mpikisano wa amisiri.

Mpikisano woyamba wolimbirana ukatswiri wa dziko lonse unacitika pa 13 May 1950 ku Silverstone m'dziko la England, pa bwalo limene linali la ndeke za nkhondo. Anapambana ndi Giuseppe Farina wa ku Italy poyendetsa Alfa Romeo, ndipo ndi yemweyo amene anakhala ngwazi yoyamba caka cimeneco. Pambuyo pake Juan Manuel Fangio wa ku Argentina anatenga ukatswiriwu maulendo 5 pakati pa 1951 ndi 1957. Michael Schumacher wa ku Germany anautenga maulendo 7 pakati pa 1994 ndi 2004, ndipo Lewis Hamilton wa ku Britain anafika pa ciwerengero comweco mu 2020. Max Verstappen wa ku Netherlands anakhala ngwazi zaka zinai zotsatana kucokera mu 2021 kufikira 2024. Mwa magulu onse, la Ferrari lokha ndilo lakhala likupikisana caka ciriconse kuyambira mu 1950.

M'MENE MPIKISANO UYENDERA

Mpikisano uliwonse uchedwa Grand Prix, ndipo m'caka ca 2024 inalipo 24 m'maiko osiyana-siyana. Gulu lirilonse libwera ndi magalimoto awiri. Pa Cisanu oyendetsa aphunzira njira ndipo amisiri ayesa makonzedwe a galimoto. Pa Ciweru aliyense ayesa kuzungulira bwalo mwamsanga koposa, ndipo wofulumira kuposa onse ndiye aima patsogolo tsiku la mpikisano. Pa Sondo nyale zofiira zisanu ziyaka imodzi-imodzi, ndipo zikazima zonse pamodzi, ulendo wayamba.

Mtunda wa mpikisano ndi makilomita opitirira pang'ono 305, kupatula wa ku Monaco umene uli wa makilomita ngati 260 cifukwa ucitikira m'miseu yopapatiza ya mu mzinda. Mtundawu uli pafupi kulingana ndi wocokera ku Lusaka kukafika ku Ndola, koma iwo authera kawiri-kawiri m'ola limodzi ndi theka. Woyamba apata mapointi 25, waciwiri 18, wacitatu 15, kutsika-tsika mpaka wa nambala 10 amene apata imodzi. Pakutha kwa caka pakhala zikho ziwiri: ca woyendetsa, ndi ca gulu lopanga galimoto cimene cinayamba kuperekedwa mu 1958.

Woyamba kumene kupenyerera adziwenso mbendera. Yacikasu icenjeza kuti patsogolo pali ngozi, cepetsani liwiro ndipo musapitirirane. Yofiira iimitsa mpikisano. Yobiriwira ngati thambo iuza wotsalira kuti apatukire amene amuzungulira kale. Ya madanga akuda ndi oyera ndiyo ya mapeto.

MPHEPO, INJINI NDI MATAYALA

Ambiri aganiza kuti cinsinsi ca galimotoyi ciri mu injini yokha. Kunena zoona, mbali yaikulu ya cinsinsico iri mu mphepo. Amene anaturutsapo dzanja pa windo ya basi yothamanga adziwa kuti akapendeketsa cikhatho m'mwamba, mphepo ilinyamula, ndipo akacipendeketsa pansi, ilikanikiza. Phiko la ndeke linapangidwa kuti mphepo iinyamule. Mapiko a galimoto ya Formula One, amene anayamba kuoneka mu 1968, ali ngati a ndeke otembenuzidwa, kotero kuti mphepo ikanikiza galimoto pa tara. Pa liwiro lalikulu mphamvu yokanikizayi iposa kulemera kwa galimoto yeniyeniyo, ndipo n'cifukwa cake ikhota pa ngodya ndi liwiro limene likanaponya galimoto wamba kuthengo. Mu 1977 gulu la Lotus la Colin Chapman linapeza njira youmba kunsi kwa galimoto kuti mphepo yodutsa pamenepo iziikokera pansi, ndipo caka cotsatira Mario Andretti anakhala ngwazi ndi galimoto yotere.

Injini nayo yasintha kwambiri. Poyamba inali kukhala kutsogolo, kufikira gulu laling'ono la Cooper linaiika kumbuyo kwa woyendetsa, Jack Brabham napambana nayo mu 1959 ndi 1960. Posacedwa onse anatsatira. Mu 1977 a Renault anabweretsa turbo, kacipangizo kozunguzidwa ndi utsi woturuka mu injini, kamene kakankhira mpweya wambiri m'kati kuti mafuta apse ndi mphamvu. Kuyambira mu 2014 injini zake ndi za malita 1.6 cabe, zolingana kukula ndi za timagalimoto tambiri toyenda mu Cairo Road, koma pothandizana ndi mota ya magetsi zinafika pa mphamvu ya akavalo ngati 1,000.

Mota ya magetsiyo igwira nchito mofanana ndi dainamo ya njinga. Woyendetsa akaponda mabuleki, mphamvu imene ikanangotayika monga kutentha isandutsidwa magetsi ndi kusungidwa mu batire, ndipo ibwezedwa ku mawilo pamene afuna kuthamanga. Injini ya petulo ya galimoto wamba igwiritsa nchito gawo ngati limodzi mwa magawo atatu a mphamvu ya m'mafuta, zotsalazo zithera mu utsi ndi kutentha. Mu 2017 a Mercedes analengeza kuti injini yao ya mpikisano yapitirira theka. Kuthira mafuta pakati pa mpikisano kunaletsedwa kuyambira mu 2010, motero wosakaza mafuta samaliza ulendo. Malamulo a mu 2026 anakulitsanso gawo la magetsi kufika pafupi theka la mphamvu yonse, nalamula mafuta osacokera ku mafuta okumbidwa pansi. Mkulu uja amene anadandaula za kutha kwa mafuta akadadziwa izi, kapena akadafewa pang'ono.

Thupi la galimoto silipangidwa ndi citsulo. Lipangidwa ndi ulusi wa carbon wolukidwa ngati nsalu, womatidwa ndi kuochedwa mu uvuni mpaka uuma gwa. Anayamba ndi a McLaren mu 1981, mmisiri wake John Barnard. Ndi copepuka koma colimba zedi, ndipo mu 2025 galimoto yonse pamodzi ndi woyendetsa, popanda mafuta, siinali kuloledwa kucepera makilogramu 800. Mabuleki ake atentha kufika madigiri 1,000, ndipo atsitsa galimoto kucokera pa makilomita 300 pa ola kufika pansi pa 100 m'masekondi osapitirira atatu. Pa nthawi imeneyo mutu wa woyendetsa ulemera kasanu kuposa masiku onse, n'cifukwa cake anthu amenewa ali ndi makosi ngati a ng'ombe za pa goli.

Kuyambira mu 2011 matayala onse apangidwa ndi kampani imodzi ya Pirelli. Tayala lofewa ligwira tara bwino koma litha msanga, lolimba likhalitsa koma licedwetsa. Pa tsiku lopanda mvula lamulo lifuna kuti woyendetsa agwiritse nchito mitundu iwiri, ndiye kuti aliyense ayenera kuima kamodzi. Kusankha nthawi yoimira ndi nchito ya akatswiri a masamu okhala pa makompyuta, ndipo mipikisano yambiri yapambanidwa kapena kutayika pa cisankho cimeneci.

ANTHU AMENE KANEMA SAWAONETSA

Galimoto ikaima kuti isinthe matayala, anthu ngati 20 aizinga. Pa wilo lirilonse pali atatu: womasula nati, wocotsa tayala lakutha, ndi woika latsopano. Ena ainyamula ndi majeke kutsogolo ndi kumbuyo. Mu 2023 ku Qatar amakanika a McLaren anasintha matayala onse anai m'masekondi 1.80. Mmodzi yekha akazengereza, khama la gulu lonse lapita m'madzi. Makolo athu ananena kale kuti mutu umodzi susenza denga.

Kumbuyo kwa awa kuli ena ocuruka amene safika n'komwe pa bwalo. Magulu akulu-akulu alemba anthu ofika 1,000: ojambula mapulani, osula zitsulo, oumba carbon, a magetsi, a makompyuta, oyesa tizifanizo ta galimoto m'nyumba youziramo mphepo. Ambiri mwa mafakitale awo ali ku England, ndipo ya Ferrari iri ku Maranello m'dziko la Italy. Woyendetsa ndiye alandira cikho ndi kujambulidwa, koma galimoto ikakhala yoipa, ngakhale ngwazi imaliza kumbuyo.

Luso limeneli silithera pa bwalo. Madokotala a pa cipatala ca ana ca Great Ormond Street ku London anapita kukaphunzira kwa amakanika a Ferrari m'mene agawirana nchito, nakonza njira yao yosamutsira mwana kucokera ku cipinda ca opareshoni kupita ku cipinda ca odwala mwakayakaya, ndipo zolakwa zinacepa. Mu 2020, pa mliri wa Covid-19, amisiri a injini a Mercedes pamodzi ndi a University College London anapanga makina othandiza odwala kupuma m'masiku owerengeka. Ili ndi yankho loyamba kwa mkulu uja.

MALAMULO OLEMBEDWA NDI MWAZI

Yankho kwa mnyamata uja ndi lowawa. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 imfa inali mlendo wa kawiri-kawiri pa mabwalo amenewa. Mu 1966 ku Spa m'dziko la Belgium, Jackie Stewart anakanirira m'galimoto yake yophwanyika, petulo ikumukhira, popanda womuthandiza wa pa bwalo, mpaka oyendetsa anzake anamuturutsa ndi sipanala zobwereka kwa wopenyerera. Kucokera pamenepo iye anayamba kumenyera zocinga m'mbali mwa njira, malamba ndi madokotala, ngakhale ena anali kumunena kuti ndi wamantha. Jochen Rindt anafa ku Monza mu 1970, napatsidwa ukatswiri wa caka cimeneco ali m'manda. Mu 1976 Niki Lauda anapsa koopsa ku Nürburgring, koma anabwerera pa mpikisano patapita milungu 6. Mu 1977 ku Kyalami m'dziko la South Africa, Tom Pryce anafa pamodzi ndi mnyamata wothandiza pa bwalo amene anali kudutsa njira atanyamula cozimira moto.

Kumapeto kwa mlungu umodzi mu 1994 ku Imola kunafa anthu awiri: Roland Ratzenberger pa 30 April, ndi Ayrton Senna wa ku Brazil, ngwazi ya maulendo atatu, pa 1 May. Imfa izi zinagwedeza dziko, ndipo mabwalo ndi magalimoto anakonzedwanso. Mu 2003 kunalamulidwa cogwiriziza mutu ndi khosi. Jules Bianchi atamwalira mu 2015 cifukwa ca ngozi ya ku Suzuka ya caka capambuyo, mu 2018 kunaikidwa citsulo cozinga mutu wa woyendetsa cochedwa halo. Ambiri anacinyoza kuti cinyansitsa galimoto. Koma mu November 2020 ku Bahrain galimoto ya Romain Grosjean inaboola cocinga ca citsulo, niduka pawiri, niyaka moto, ndipo iye anaturuka yekha m'malawi atapsa manja cabe. Onyoza aja anakhala cete.

Taonani tsono m'mene anthu othamanga koposa onse pa dziko alemekezera malamulo. Salowa m'galimoto osamanga malamba. Pa njira yolowera kumene amakanika agwirira nchito pali malire a liwiro, kawiri-kawiri makilomita 80 pa ola, ndipo wopyola alangidwa. Woyendetsa wolakwira-lakwira alembedwa mapointi a cilango pa laisensi yake, ndipo akafika 12 m'caka cimodzi aimitsidwa, monga zinacitikira Kevin Magnussen mu 2024. Pa bwalo lao palibe basi yobwera kutsogolo, palibe mwana wa sukulu wodumpha mseu, palibe ngolo ya ng'ombe kapena njinga ya makala. Dokotala ali pafupi ndipo ndeke ya odwala idikira.

Nanga mnyamata wathu amene aturuka m'bala usiku nayesa kukhala Hamilton pa mseu wa Great East ali ndi ciani mwa izi? Matayala ake ndi osalala ngati dazi, mabuleki anakonzedwa ndi waya, lamba ali kumbuyo kwa mpando, ndipo m'galimoto muli ana a eni. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza mu 2023 kuti anthu ngati 1.19 miliyoni afa pa miseu caka ciriconse, ndipo ife kuno tidziwa maliro amene abwera ndi liwiro. Wotengera ku Formula One liwiro lokha, nasiya mwambo wake, watola khoko nataya mbeu.

PAMENE MKULU UJA ANANENA ZOONA

Sindingabise kuti masewerawa ndi a anthu a cuma. Magulu akulu anali kuononga ndalama zosaneneka kufikira mu 2021 pamene anaikirana malire a madola 145 miliyoni pa caka, kuti ang'ono nawo apikisane, pakuti liwiro la mumcenga n'kuyambira pamodzi. Mwana wofuna kudzakhala woyendetsa ayamba ali wamng'ono ndi timagalimoto tochedwa kart, ndipo mtengo wake ngwosatheka kwa makolo wamba. Hamilton, munthu wakuda woyamba kuyendetsa mu Formula One, anayamba ali ndi zaka 8, atate wake akugwira nchito zingapo nthawi imodzi kuti alipire. Akazi nawo atsalira: wokhayo amene anapatapo gawo la pointi ndi Lella Lombardi wa ku Italy mu 1975.

Africa nayo yaiwalidwa. Ku Morocco mpikisanowu unacitika mu 1958, ku South Africa unayamba mu 1962, ndipo wotsiriza unali ku Kyalami mu 1993. Jody Scheckter wa ku South Africa anakhala ngwazi ndi Ferrari mu 1979. Mu December 2024 Pulezidenti Paul Kagame analengeza kuti dziko la Rwanda lifuna kulandira mpikisanowu. Tingakondwe kuuona ukubwerera ku Africa, koma ine sindingalangize dziko lathu kuthamangira zimenezo. Kumanga bwalo lotere ndi kulipira eni mpikisano caka ndi caka kufuna cuma cimene cingagule makina a m'masukulu onse a zaumisiri m'zigawo zathu. Alendo angabwere masiku atatu napita, koma mmisiri wophunzitsidwa bwino atumikira dziko zaka makumi atatu.

PHUNZIRO KWA IFE

Zambia si mlendo pa za magalimoto. M'zaka za m'ma 1970 magalimoto a Fiat anali kulumikizidwa ku Livingstone ndi manja a ana a dziko lino. Pa mpikisano wa mtundu wina, wa rally, umene ucitikira m'miseu ya pfumbi, Satwant Singh anatenga ukatswiri wa Africa maulendo 8. Mkuwa umene tikumba ku Copperbelt ndi ku North-Western upangira nthambo za mamota a magetsi. Funso ndi lakuti, kodi tidzangokhala okumba ndi openyerera, kapena tidzakhalanso opanga?

Motero ndipempha makolo kuti aleke kuona nchito ya manja ngati ya olephera mayeso. Mwana akafuna kupita ku Northern Technical College ku Ndola kapena ku sukulu ina ya zaumisiri, asamuyese wotayika, pakuti amene asintha tayala m'masekondi awiri uja ndi makanika. Ndipempha aphunzitsi a sayansi ndi masamu kuti agwiritse nchito cidwi ca anawa. Mwana amene agona pophunzira za mphamvu ya mphepo adzadzuka mukamufunsa cifukwa cake galimoto iri ndi mapiko koma siuluka. Ndipempha magulu a mipikisano ya magalimoto m'dziko muno kuti atsegule magalaji awo kwa ana a sukulu, anyamata ndi asungwana omwe, ndi kuti wokonda liwiro amupatse malo ocingidwa oliyeserapo, kutali ndi mseu wa anthu onse. Kwa oyendetsa mabasi ndi malole ndinena kuti, tengerani cizolowezi ca akatswiriwa: onani matayala ndi mabuleki musananyamuke, mangani lamba, ndipo kumbukirani kuti kuthamanga si kufika.

Pa Sondo likudzali, anyamata inu mukakhalanso pa kanema, muitane mkulu uja akhale nanu. Galimoto ikalowa kukasintha matayala, musayang'ane kumbali podikira kuti iturukenso. Muwerenge anthu amene aizinga, muone m'mene aliyense adziwira malo ake, ndipo mudzifunse kuti mwa nchito zonsezo, ndi iti imene inu mungaiphunzire caka cino. Wakutsina khutu ndi mnansi.